Atelala ndi Malamulo a Mzinda wa Nyali

Shopu ya Atelala inali kachipinda kamodzi kopanikizika pakati pa wometa tsitsi ndi wokonza mafoni. Ukalowa, choyamba kukulandira chinali fungo la simbi yotentha ndi mafuta a makina, kenako mawu a eni ake ofunsa chimene wadzera. Sankati takulandirani. Anali mayi wamfupi, wojintcha m'mapewa, tepi yoyezera ili m'khosi tsiku lonse ngati mkanda, ndipo ankayankhula mapini ali pakamwa osameza ndi imodzi yomwe. Amene anawadziwa kale ankati mkazi ameneyu anali wanthabwala, woseka mpaka misozi. Amene anawadziwa pambuyo pake ankangoti ndi telala waluso koma wolusa, ndipo ankabwera ndi nsalu zawo atakonzeratu zonena.

Ntchito yosoka anaiyamba ali mtsikana, mayi awo atamwalira n'kuwasiyira makina opalasa ndi mwendo ndiponso kamlongo kawo kamene kanali kasanadziwe n'kumanga zingwe za nsapato komwe. Anakalera ndi makina omwewo. Mwanayo anakula, anaphunzira, anapeza ntchito yolemba katundu mu sitolo yaikulu ya zipangizo zomangira, ndipo kutchalitchi anamusankha kukhala mlembi wa komiti. Kuchokera pamenepo aliyense ankamutchula kuti Alembi. Atelala okha ndi amene ankachotsa ulemuwo n'kumangoti Mlembi, kapena iwe.

Chimene chinaumitsa mtima wa Atelala aliyense mumsewumo ankachidziwa, koma panalibe wochitchula. Mwamuna wawo anali wankhonya. Anapirira monga akazi amauzidwira, mpaka tsiku limene anawathyola chala cha mkombaphala, chomwe chimalondolera nsalu pansi pa singano. Tsiku limenelo anakweza makina pa wilibala n'kuchoka. Komiti ya mpingo inawaitana, inawamvetsera mwaulemu, kenako inawauza kuti abwerere kunyumba akapirire. Iwo anakana. Lamulungu lotsatira, mapemphero ali mkati, mlongo wawo anaimirira kutsogolo atavala jekete limene iwo anamusokera, n'kuwerenga chigamulo: mayi ameneyu waimitsidwa pa mgonero, m'kwaya ndi pa ntchito zonse za mpingo kufikira atamvera. Anawerenga bwino kwambiri, momveka mpaka kubenchi lakumbuyo, akupuma pamene pali popumira.

M'chigamulomo munalibe mawu oti anthu asiye kuwapatsa moni. Anthu anangodziwa okha. Mayunifolomu a kwaya anapita kwa telala wina, madiresi a ukwati chimodzimodzi. Amayi amene ankadya nawo mbale imodzi ankati akawaona pamsika, mwadzidzidzi ankatanganidwa ndi kusankha anyezi. Wina mwa iwo anabwerapo mozemba, telala watsopanoyo atamuwonongera diresi, n'kulowa akuyang'ana kumbuyo ngati akulowa m'bala. Atelala anamuyeza, anamukoka tepi m'chiuno mpaka mayiyo kubanika, analikonza diresilo bwino lomwe, ndipo Lamulungu mayiyo analivala n'kuwadutsa osawaona. Mmodzi yekha amene sanasiye kubwera poyera anali mkazi wa Mlembi yemweyo, mlamu wawo, mtsikana wofatsa wophunzitsa pa sukulu ya mkaka. Iye ankabwera ndi siketi yoti yasosoka mpendero, ndipo Atelala ankaona bwinobwino kuti ulusiwo wachita kudulidwa ndi lezala. Ankasoka, n'kumuthirira tiyi.

Mlembi sanaitchulepo nkhaniyi. Ankapereka moni pamsewu, m'mawa ankatumiza uthenga pa foni wofunsa ngati adzuka bwino. Atelala ankayankha ndi liwu limodzi. Akanakhala munthu wina akanamulalatira mpaka msewu wonse kutuluka panja, koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Chimene ankafuna chinali chimodzi basi: mwana amene anamulera adziwe chimene anachita, ndipo achidziwe yekha, popanda kumuuza.

Masewera anabwera ndi Anamwino, kasitomala wawo wa pachipatala chapafupi, amene anawaphunzira ali kusukulu ya unamwino. Tsiku lina anayang'ana tebulo lalikulu lodulirapo nsalu n'kufunsa ngati angalibwereke Loweruka masana, shopu ikatsekedwa. Masewerawo alibe mpira kapena makadi. Munthu mmodzi, amene ankamutcha Mwinidziko, amapeka dziko n'kumafotokoza zimene zikuchitikamo. Ena onse aliyense amatenga munthu mmodzi wa m'dzikomo n'kumanena zimene munthu wakeyo akuchita. Pakakhala chokayikitsa, kaya kulumpha mpanda kaya kunamiza mlonda, amaponya dayisi. Likagwa pa nambala yaikulu zatheka, likagwa pa yaing'ono walira nazo.

Poyamba Atelala ankangomvetsera akusokerera mabatani pakona. Koma dziko la Anamwino linkawanyansa. Munali zinjoka zouluka ndi malupanga oyankhula, koma munalibe wochapa, munalibe wotola zinyalala.

"Mfumu yanuyo yavala mkanjo wagolide, wasoka ndani?" anafunsa tsiku lina, mapini ali pakamwa.

"Ndi nthano, Atelala," anatero Adalaivala, woyendetsa lole ya buledi, amene nthawi zonse ankafuna kukhala wakuba m'masewerawo.

"Nthano yopanda telala? Ndiye anthu ake akuyenda buno bwamuswe?"

Anamwino anaseka n'kuwakankhira dayisi. "Pekani lanu tione." Sipanatenge nthawi, mpando wa Mwinidziko unakhala wa Atelala, ndipo palibe anaufunanso.

Dziko limene anapeka linali Mzinda wa Nyali. Ankaujambula ndi choko chodulira nsalu patebulo pomwepo, misewu yake, zipata zake, kachisi pakati. Anthu a osewera anali mabatani: lamkuwa la Adalaivala, loyera la Anamwino, ndi lamtengo la mlamu wawo, amene anayamba kutsalira Loweruka siketi ikatha kusokedwa. Mumzindamo munalibe mfumu. Olamulira anali ansembe a Lawi Losazima, ndipo nyumba iliyonse inkayenera kukhala ndi nyali yoyatsidwa ndi moto wa kukachisi. Woweruza anali wansembe, wapolisi anali wansembe, wogulitsa mafuta a nyali analinso wansembe.

"Kodi ansembewa amakhulupiriradi Lawi lawolo, kapena ndi mbava chabe zovala mikanjo?" Anamwino anafunsa.

"Amakhulupirira ndi mtima wonse," anatero Atelala. "Akanakhala mbava bwenzi zili bwino. Mbava umaipatsa kanthu n'kukusiya. Awa amakulanga misozi ili m'maso, akukuuza kuti amakukonda."

Malamulo ndiwo anawatengera mtima. Ankawapeka mkati mwa sabata, mwendo ukupalasa makina, ndipo makasitomala ankadabwa kuona telala akukukutira mano mpendero wa diresi losalakwa. Akalipeza lamulo ankalilemba ndi zilembo zikuluzikulu pa pepala lodulira mapatani n'kulikhoma kukhoma ndi mapini, poyera, kuti aliyense aone. Zilango zake zinali za telala. Wochedwa kukachisi ankavala malaya chotembenuza, misoko ili kunja, kuti mzinda wonse udziwe. Wogula mafuta kwa wina osati kwa ansembe ankamusoka matumba onse, asaikemo kanthu. Woseka wansembe akupemphera ankamudula mkono wa malaya, akabwereza ankamudula winawo. Ena mwa malamulowo ankawang'amba asanawakhome. Lina linali loti ansembe azikwapula olakwa pabwalo, koma analitaya m'dengu la zinsalu. Ankati chikwapu chimachititsa anthu kumvera chisoni wokwapulidwa. Lamulo lokhalitsa ndi limene wansembe amangonena n'kupita kukadya, ntchito yonse n'kugwiridwa ndi anansi.

"Nanga kupha mulibe?" Adalaivala anadandaula. "Mzinda wanji wopanda chingwe? Kapena kuotcha, poti moto ulipo kale."

"Kupha n'kumuchitira munthu chifundo," anatero Atelala. "Wakufa samva kuti sanamupatse moni."

Ndiye anakhoma lamulo lalikulu kuposa onse. Mkazi wochoka panyumba ya mwamuna wake, nyali yake yazima. Iye, ndi aliyense womuyatsira moto, azimitsidwa. Wozimitsidwa samangidwa, samenyedwa. Amayenda mumzinda ngati kale, koma palibe womuyankha, palibe womugulitsa kanthu, palibe womuyang'ana kumaso, ndipo womuyankhula azimitsidwa naye. Patebulo chilangocho chinkayenera kuchitika chenicheni: batani la wolangidwa litembenuzidwe chafufumimba, mwini wake akhalebe pampando, koma osayankhidwa ndi aliyense.

Anamwino anawerenga, anayang'ana Atelala, kenako anayang'ana chala chopindika chija.

Panali mwambo wina patebulopo umene unayamba chifukwa cha Adalaivala, amene ankakonda kunena kuti "ndabaya mlonda", kenako zikavuta n'kumati "ndimaseka". Atelala analamula kuti mawu akagwa patebulo satoleka. Wanena, wachita. Adalaivala anavomera koma anaikapo lawo: lamulo likakhomedwa kukhoma limanga aliyense, ndi Mwinidziko yemwe, ndipo silisinthidwa masewera ali mkati. Atelala anavomera mosavuta. Sankaona tsiku limene akanafuna kufewetsa lamulo lawo.

Anali mlamu wawo amene anabwera ndi Mlembi. "Akungokhala kunyumba Loweruka, alamu, akundiwerengera masupuni," anatero. "Ndati abwere adzaone." Mlembi analowa atanyamula botolo la zakumwa, akumwetulira ngati munthu wopanda mlandu ndi aliyense. Atelala anamulozera khoma.

"Werenga. Paja umatha kuwerenga."

Atelala anaima pambali akumuyang'ana kumaso pamene iye ankawerenga, manja ali kumbuyo. Anafika pa lamulo lalikulu lija. Mlembi anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Achemwali, izi ndiye nzeru," anatero. "Koma pali mpata apa. Mwati womuyatsira moto. Nanga womubwereka machesi? Munthu wochenjera athawira pamenepo. Lembani kuti womuthandiza kupeza moto mwa njira ina iliyonse."

Atelala anali atamuikira galasi kuti adzione, iye n'kuyamba kupesera tsitsi pomwepo.

"Ufuna kukhala ndani mumzindamu?" anafunsa atalumanitsa mano.

"Alipo malo a woweruza?"

Adalaivala anaomba m'manja. "Eee, tapeza wotimanga! Alembi, ine ndine wakuba koma ndimapereka chakhumi, muzikumbukira."

Masabata otsatira anali owawa. Mlembi anawakonda masewerawo kuposa onse. Ankafika woyamba, batani lake lakuda lili m'thumba la malaya. Ankabwera ndi maganizo atsopano: kuti pakhale kusiyana pakati pa nyali yozima ndi mphepo ndi yozima chifukwa cha ulesi, kuti mboni zizilumbira zitagwira galasi la nyali yotentha, kuti wolakwa aziimirira chigamulo chikamawerengedwa. Choipa n'chakuti maganizo akewo anali abwino. Mzinda unayamba kuoneka weniweni, wozizira, woopsa, ndipo Anamwino ankati sanasewerepo dziko logwira mtima chotero. Atelala ankakhoma malamulo a mlongo wawo pambali pa awo, pini iliyonse akuibaya ngati ikulowa m'thupi la munthu.

Loweruka lina ena onse atapita Mlembi anatsalira n'kutenga tsache. Anasesa tizidutswa ta nsalu monga ankachitira ali mwana, akuyambira kukona n'kumathera pakhomo, ndipo anakumbutsa mmene ankagonera pansi pa tebulo lomwelo pa mulu wa zinsalu, makina akumuimbira nyimbo. Atelala anatsala pang'ono kumufunsa ngati wadya. Pomwepo iye anaima, atatsamira tsache, maso ali kukhoma.

"Ndimaganiza, achemwali. Ana a mkazi wozimitsidwa azikhala ndi ndani? Ndikuona kuti kachisi aziwatenga."

Atelala anamulanda tsachelo n'kumuuza kuti akufuna kutseka. Ndiye anatchera msampha.

Loweruka lotsatira kunali kotentha, chitseko chili chotsegula pang'ono, ndipo wometa wa khomo linalo anali atakweza wailesi. Atelala anaika mabatani onse m'nyumba ya woweruza, mmene anthu a osewerawo ankadikira kuti mvula ya m'nthano ikate. Kenako anatsitsa mawu.

"Pakhomo pagogodedwa. Ndi mkazi. Wanyowa, alibe nsapato. Kudzanja lamanzere wanyamula nyali yozima. Dzanja lamanja walikulunga m'kansalu, chala chimodzi chathyoka. Akuti wamuthyola ndi mwamuna wake. Akupempha moto." Anayang'ana Mlembi m'maso. "Nyumbayi ndi yako, woweruza. Ukuchita chiyani?"

Mlembi anakanda chibwano, akuyang'ana kukhoma. "Choyamba ndimufunsa ngati ali ndi chilolezo cha kukachisi chotulukira..."

"Ine ndatsegula zenera, ndamuyatsira," anatero mlamu.

Onse anatembenuka. Mlamu sankakonda kuyankhula m'masewera. Munthu wake anali wotunga madzi amene nthawi zambiri ankangotsatira anzake. Koma apa anali atakankhira kale batani lake lamtengo pa mzere wa choko umene unali zenera.

"Alamu, dikirani kaye," anatero Atelala msangamsanga. "Sindinafunse inu."

"Aaa, ayi!" Adalaivala anamenya tebulo. "Mawu akagwa patebulo satoleka. Munandiphetsera wakuba wanga woyamba ndi mwambo womwewu, lero usafewe poti ndi alamu anu."

"Ponyani dayisi tione ngati wina wakuonani," anatero Atelala, akupemphera mumtima ngakhale kwa Lawi lawo lopeka lomwe. Dayisi linagubuduka, linagunda sizasi, n'kuima pa nambala yochepetsetsa. Msewu wonse wa m'nthano unali utaona. Msampha wotchera khoswe unali utakola nkhuku ya pakhomo.

Mlembi anakonza kolala. Anayendetsa mlanduwo mwadongosolo lonse, anaitana mboni, anafunsa wotunga madzi ngati akuvomera.

"Ndikuvomera," anatero mkazi wake. "Akabweranso ndimuyatsiranso."

"Amayi, mukudziwonjezera mlandu," iye anatero akuseka. Anamuuza kuti aimirire, paja lamulo loimirira linali lake lomwe. Anawerenga chigamulo kuchokera kukhoma momveka bwino, ndipo atatha anatambasula dzanja n'kutembenuza batani lamtengo chafufumimba.

Masewera anapitirira. Poyamba zinali zoseketsa. Mlamu anati, "Wotunga madzi akupita kumsika kukagula buledi," ndipo panalibe anayankha. Adalaivala anachita kudzigwira pakamwa kuti asaseke. Mlamu anatinso, "Akugogoda kwa mnansi wake." Zii. Atelala, amene monga Mwinidziko anayenera kunena ngati chitseko chatsegulidwa, anangoyang'ana choko chili m'manja mwawo. Patapita kanthawi mlamu anati, ndi mawu ake enieni, "Anamwino, tandipatsirani madziwo." Dzanja la Anamwino linanyamuka, linaima m'malere, n'kubwerera. Kuseka kunatha. Mlamu anadzuka yekha, anazungulira tebulo, anatenga botolo, n'kubwerera pampando wake. Anakhala manja ali pamiyendo, maso pansi, ndipo Atelala anakudziwa kukhala kumeneko. Iwonso anali atakhalapo choncho pabenchi lakumbuyo, Lamulungu ndi Lamulungu, asanaleke kupita. Mtsikana yekhayo amene sanawathawe, iwo omwe ndi amene anamukhazika pamenepo.

Mlembi naye anayamba kutekeseka pampando. Anayang'ana mkazi wake, anayang'ana khoma, anatsokomola.

"Achemwali, lamuloli lili ndi chilema china," anatero. "Silikunena kuti chilango chitha liti. Lamulo labwino limakhala ndi potulukira. Munthu sangazimitsidwe mpaka kalekale, kumeneko n'kupanda chilungamo."

Atelala anaika choko pansi. Anachotsa tepi m'khosi, chinthu chimene palibe anawaonapo akuchita.

"Chitha liti?" anatero. "Ukundifunsa ine? Tandiuza iwe, Mlembi. Changa chitha liti?"

"Chanu chiti?"

"Usandipusitse! Chimene unawerenga utavala jekete losoka ine! Munalembamo tsiku lothera? Unaona chilema pamenepo? Apa waona msanga poti wakhala chete ndi mkazi wako, kanthawi kochepa chabe, madzi okha wasowa womupatsira. Ine zaka! Anthu amene ndinawasokera za ukwati, ana awo ndinawasokera za ubatizo, akundidutsa ngati pholo la magetsi!"

Wailesi ya wometa inatsika mwadzidzidzi.

Nkhope ya Mlembi inagwa. Anayang'ananso kukhoma, lamulo ndi lamulo, ndipo Atelala anaona kuti tsopano akuwerenga zenizeni. Anali ataidikira nthawi imeneyi kwa zaka. Anatchera khutu kuti pakamwa pake patuluke liwu limodzi lokha lopepesa.

"Ine ndinangowerenga," anatero. "Sindine ndinagamula. Inali komiti."

"Unalibe pakamwa m'komitimo? Unalibe chemwali?"

"Mlembi savota, achemwali, amalemba. Ndipo potulukira panalipo. Anati kufikira mutamvera."

"Kumvera!" Atelala anakweza chala chopindikacho mpaka pamphuno pake. "Ndibwerere akamalize zinazi? Chala ichi chinakuphunzitsa sukulu, iwe! Chinakusokera kabudula woyamba, matako ali pamtunda! Bwenzi utangodwala tsiku limenelo. Bwenzi utati mawu andithera, awerenge wina. Koma ayi, unawerenga mokoma ngati ukulengeza ukwati."

"Za mpingo musaphatikize ndi masewera a mabatani."

"Mabatani omwewo wakhala ukuwakonzera malamulo malovu akuchucha! Machesi! Unandiuza za machesi, iwe! Ana aziwatenga kachisi!"

Mlembi anaimirira. Mawu ake anatuluka owongoka. "Ndiye masabata onsewa mumandiitanira mlandu? Ine ndimati tayambanso kukhala ngati abale. Sabata yonse ndimangolakalaka Loweruka lifike. Osadziwa kuti mwanditchera, mpaka mkazi wanga mwamusandutsa nyambo. Mukanandiitana n'kundiuza pamaso."

"Ukanamva?"

"Kaya. Koma simunayese."

Mawu amenewo analasa, chifukwa anali ndi choonadi chake, ndipo kulasako kunangokolezera moto. "Tuluka," anatero Atelala. "Tuluka m'shopu mwanga."

"Atelala, ifenso mwatilakwira," anatero Anamwino chapansipansi. "Ife timabwera kudzasewera."

"Ndamva. Koma uyu atuluke."

Mlembi anatola batani lake lakuda, analiyang'ana, n'kulibwezera patebulo. Pakhomo anatembenuka. "Amayi, tiyeni tizipita."

Mlamu sanadzuke. Anayang'ana khoma n'kuyankhula ngati akuuza mapepalawo. "Ine ndazimitsidwa. Woweruza amene wandigamula sangandiyankhule, angazimitsidwe naye. Ndibwera masewera akatha."

Adalaivala anatulutsa kamawu kapakhosi n'kukameza msanga. Mlembi anaima pakhomopo kanthawi, akudikira kuti wina anene chinachake. Kenako anatuluka, ndipo chitseko anachitseka pang'onopang'ono, mwaulemu, zimene zinawapsetsa mtima Atelala kuposa akanachimenyetsa.

Atelala anakhala pansi. Choko chinathyoka pakati atachitola. Mwana uja anali atadziwa tsopano, ndendende monga ankafunira, ndipo anali atapita.

"Pepani, alamu," anatero osayang'ana mlamu wawo. "Sunali wanu msamphawo."

"Ndinadziwa kuti si wanga," anatero mlamu. "Mkazi uja ndinamuzindikira atangogogoda. Ndimati ndidikire ndione chimene amuna anga achite, koma atayamba za chilolezo ndinalephera kupirira."

"Mwayankhula ndi wozimitsidwa, a Mwinidziko," anatero Adalaivala mosamala, ngati munthu woyesa madzi otentha ndi chala. "Lamulo likuti..."

"Adalaivala, mukatsegulanso pakamwa ndikusokani matumba enieni."

Mlembi sanabwerenso. Mauthenga a m'mawa aja analeka. Akamapita kuntchito amadutsa tsidya lina la msewu, ndipo Atelala amamuona pazenera, mwendo uli pa makina, osakweza mutu wonse. Mpando wa woweruza mu Mzinda wa Nyali ulibe munthu. Osewera anauzidwa kuti woweruzayo anatumizidwa kudziko lina, ndipo palibe anafunsa zambiri. Wotunga madzi anathawitsidwa mumzindamo m'ngolo ya wakuba, atabisala mumgolo. Koma lamulo lalikulu lija likadali kukhoma, pepala lake layamba kufiira ndi dzuwa. Anamwino anafunsapo kamodzi ngati sangalichotse, kapena kungoliwonjezera tsiku lothera monga ananenera Mlembi.

"Akabwera yekha kudzandiuza kuti changa chitha liti, ndilemba," anatero Atelala. Anabaya pini ina pakona ya pepala imene inayamba kupindika, n'kubwerera ku makina.